Basi ya njerwa kuseri kwa chigafa

Chaka chimene ndinaganiza zopita ku Joni, mwana wanga Tiyamike anali ndi zaka zitatu, ndipo pakamwa pake sipankapuma. Mwana ameneyu ankalankhula, abale! Ankafunsa nkhuku kumene yagona, ankakalipira mbuzi za eni ake, m'tchalitchi ankayankha abusa ali pa guwa mpaka ndinkatuluka naye ndi manyazi. Bambo ake anali atapita kale ndi mkazi wina wa ku Mpingu, ndipo za iwowo ndisiyire pomwepa chifukwa ndingachimwe. Mtedza unakana chaka chimenecho, ganyu sankapezeka, nyumba ya amayi inkadontha paliponse. Ndinawauza amayi tikuswa mtedza wochepa womwewo pakhonde, kwathu kufupi ndi pa Nsaru.

"Nanga mwanayu?" anafunsa amayi.

"Ndikupitira iye yemweyu," ndinatero.

Achimwene anga a Lemekezani ndiwo anamanga mfundo. Iwowo ndi mphunzitsi wa pulayimale, ndi mkulu wa mpingo, komanso ndiwo mwini mbumba, ndiye za mwana wanga amalankhula ngati za mwana wawo. Nthawi imeneyo anali atangotsegula sukulu yamkaka pa Nsaru. Anati, "Esinati, iwe pita ukagwire ntchito, uzingotumiza fizi. Pobwera udzamupeza akulankhula Chingerezi cha m'mphuno." Ine ndinaomba m'manja. Ndinati chimenecho ndiye ndikufuna, mwana wanga asadzakolope m'nyumba za anthu.

Anandiperekeza pa siteji, Tiya ali kumsana kwa agogo ake. Kondakitala wa minibasi ankamenya chitseko n'kumakuwa kuti, "Mmodzi watsala! Mmodzi watsala tinyamuke!" Mmodziyo ndinali ine. Nditakhala pampando, ndinamva Tiya akufunsa mokweza kuti amayi akukagula chiyani, ndipo palibe anamuyankha.

Kwathu kuno dziko lonselo timangoti Joni, koma ine ndinakafika ku Kepitauni. Ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi atsikana ena awiri, mphepo ikulowa pansi pa chitseko ngati ili ndi kiyi wake. Ndinatsukapo mbale, ndinachapirapo anthu, kenaka mayi wina wa kutchalitchi anandipezera ntchito yokolopa pa sukulu ya ana aang'ono a anthu achuma. Malipiro akalowa, lendi inkadula mbali yake, thiransipoti mbali yake, yotsalayo ndinkagawa pakati pa fizi ya Tiya ndi malata a nyumba ya amayi. Ndinkadya buledi ndi tiyi masiku ambiri, koma njala sinkandipweteka ngati kusowa wolankhula naye. Tsiku lonse ndinkangoti inde madamu, pepani madamu. Mawu ankandidzaza m'kamwa, koma a Chingerezi ankabwera mochedwa, nkhani itadutsa kale. Nthawi zina ndinkadzitsekera m'chimbudzi cha pasukulupo n'kumadzilankhulira ndekha Chichewa kuti lilime lisaume.

Sukulu imeneyo poyamba inandiseketsa. M'kalasi munali aphunzitsi awiri, wina wolankhula Chingerezi chokhachokha, wina Chifalansa chokhachokha. Mwana ankapita kwa amene wamufuna, n'kuyankha m'chilankhulo chimene chabwera pakamwa pake, ngakhale cha kwawo, ndipo palibe ankamukalipira. Munalibe bolodi, munalibe ndodo. Munali timashelefu tatifupi, mwana aliyense n'kumatenga chimene mtima wake wafuna: wina kuthira madzi kuchoka m'jagi kupita m'kapu, wina kusankha nyemba, wina kusesa ndi katsache kake. Ndinati kalanga ine, anthu akulipira ndalama zonsezi kuti mwana azisankha nyemba? Bwanji osamutumiza kwa amayi anga akasankhe zenizeni?

Mphunzitsi wa Chifalansayo anali mayi wa ku Kongo, dzina lake Solanje, wamfupi, wosakonda kuseka. Tsiku lina kamtsikana kena kankataya madzi pansi pamene ndinali nditangokolopa, ine ndinakalanda jagi kuti ndikathirire. Solanje anandigwira dzanja. "Esinati, manja kumbuyo," anatero m'Chingerezi chake chothyokathyoka ngati changa. Ndinapsa mtima, chifukwa wokolopa ndinali ine, osati iye. Koma kamtsikanako kanatenga kansanza kokha n'kupukuta, ndipo mawa lake sikanatayenso.

Kunabweranso kamnyamata kena kamene sikankalankhula ndi munthu. Kankangolowa pansi pa tebulo. Ine ndikanakakoka mwendo. Solanje ankangokhala pansi chapatali pang'ono, n'kumatunga mikanda, osakayang'ana n'komwe. Masabata anapita choncho. Ndinamufunsa ngati amalipidwa kuti azitunga mikanda, iye anati, "Ukamuthamangira, athawa. Khala pansi, ukhale ndi chochita chako, adzabwera yekha." Tsiku lina m'mawa ndikupukuta mawindo ndinamva kamnyamatako kakupempha mkanda wofiira, m'Chifalansa.

Lamulungu lililonse achimwene ankanditumizira vidiyo pa foni. Tiya ankaima chilili atavala yunifomu, manja ali m'mbali, n'kumatchula masiku a sabata, miyezi ya chaka ndi ziwalo za thupi, zonse m'Chingerezi. Ndinkaonetsa aliyense, ngakhale mlonda wa pageti. Ndikaimba foni n'kufunsa kuti, "Tiya, wadya chiyani lero?" mawu a achimwene ankalowerera: "Iyayi, mufunse m'Chingerezi, usatisokonezere ntchito." Ndikafunsa m'Chingerezi, yankho linali limodzi lomwelo, funso likhale la chakudya kapena la nsapato: ndili bwino, zikomo aphunzitsi. Ine ndinkaseka. Solanje ataonera vidiyo imodzi anandifunsa kuti, "Nanga akamasewera amalankhula chiyani?" Ndinabweza foni m'thumba, mumtima ndikuti Mkongo ameneyu ndi wansanje.

Zaka ziwiri zinadutsa. Tsiku lina masana foni inalira, nambala yachilendo. Anali amayi, atabwereka foni ya mnzawo wa kutchalitchi.

"Esinati, kodi uli wekha pamenepo?"

"Eee, amayi. Kwagwanji?"

"Mwana wako anasiya kulankhula."

"Aaa, amayi, ndamuona Lamulungu lomweli akulankhula."

"Zija ndi zoloweza. Ine ndikunena kulankhula. Sapempha madzi, salira, sandiitana. Kuchipatala anamuyeza makutu, akuti ali bwinobwino." Kenaka anatsitsa mawu. "Anthu ayamba kunena. Akuti unamukhwimira. Akuti malata awa ndi mawu a mwanayu."

Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti yonyowa, mopu ili m'manja. Ine, kukhwimira mwana wanga? Ine amene ndinkagona ndi njala kuti iye avale yunifomu? Ndinalira ndi mkwiyo, kenaka ndinalira ndi mantha, chifukwa ndinakumbukira kuti m'mavidiyo onse aja Tiya sanasekepo.

Sukulu itatseka mu Juni ndinapempha kupita kwathu. Abwana anavomera, koma anandiuza mosabisa kuti ikadzatsegulidwa ine kulibe, malo anga adzapatsa wina. Ndinagula tikiti yopita ndi yobwerera.

Ndinatsika pa Nsaru kukuzizira, fumbi lili tholo. Amene ankandidziwa anandipatsa moni, koma moni wake wa patali, maso ali pa zikwama zanga. Podutsa pa mjigo, mayi wina amene ndinkaimba naye kwaya anakokera mwana wake kumbuyo kwa chitenje. Ndinaona, ndipo ndinameza mawu amene anabwera pakamwa panga.

Tiya ndinakamupeza kwa achimwene, chifukwa anali atamutenga kwa agogo ake kuti Chingerezi chisamasungunuke kumudzi. Anamuitana, anabwera, wamtali, woonda, tsitsi lometedwa bwino. Anaima chilili n'kundipatsa moni wa m'Chingerezi uja, n'kunditchula kuti madamu. Ndinagwada n'kumukumbatira, koma thupi lake linali gwa. Ndinatulutsa chidole ndi nsapato. Asanalandire anayamba wayang'ana malume ake.

Amene anandiuza zoona ndi alamu anga, akazi a achimwene, tili awiri kukhitchini. Anati kusukuluko mwana akalankhula Chichewa amamuveka chingwe cha zitsekerero za mabotolo m'khosi. Amayenda nacho chikulira, anzake akumuseka, mpaka wina alakwitse kuti amupatsire. "Ndiye mukumudziwa Tiya mmene analili," anatero alamu. "Temu yoyamba chingwecho chinali ngati chake. Kuno kunyumba achimwene anu anatinso Chichewa ayi, ngakhale agogo ake anawauza kuti asamamulankhulitse. Tsiku lina anangosiya. Chiyambire pamenepo sanavalenso chingwe, ndipo achimwene anuwo amati ndiye mwana wosunga lamulo kuposa onse."

Sindinadikire kuti mtima utsike. Ndinawapeza achimwene pakhonde akuchonga makope.

"Achimwene, mwana wanga mwamuchita chiyani?"

"Khala pansi, Esinati. Ku Joni anakuphunzitsa kulankhula ndi akulu uli chiimire?"

Ndinakhala, koma mawu sanakhale. Ndinawauza za sukulu ya ku Kepitauni, za aphunzitsi awiri aja, za ana olankhula zilankhulo ziwiri popanda kuvekedwa kanthu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anavula magalasi.

"Ana amenewo akaweruka amakapeza Chingerezi kunyumba, pa tebulo, pa wailesi yakanema. Uyu akachipeza kuti? Pa mjigo? Ine ndinabwereza Fomu 4 chifukwa cha Chingerezi chokha, masamu nditakhoza. Ukudziwa mmene zinandipwetekera. Kuumba mbiya n'kuiotcha, mlongo wanga. Komanso si iwe unati asadzakolope m'nyumba za anthu?"

Mawuwo analidi anga. Achimwene si munthu woipa, ndipo zimenezo ndi zimene zinandivuta kwambiri. Ndinangopempha kuti mwana ndikakhale naye kwa amayi masiku anga a tchuthi. Anavomera, koma anawonjezera kuti, "Tsiku lako lonyamuka likafika, mwana abwerera kuno. Sindingasiye mbumba yanga ikulire m'fumbi."

Ndiye nkhani inali poyera. Ndikakwera basi, Tiya abwerera ku chingwe. Ndikatsala, ntchito yatha, ndipo tonse tidzadya malata.

Kwa amayi ndinaiwala zonse zimene ndinaona kwa Solanje. Ndinali pa changu, masiku akutha. Ndinamunyengerera ndi maswiti, ndinamuimbira nyimbo zimene ankazikonda ali wakhanda, ndinamutsatira paliponse ndikuti, "Nena kuti amayi. Tanena, Tiya. A-ma-yi." Iye ankangondiyang'ana pachibwano. Tsiku lina ndinamugwira mapewa n'kumugwedeza, ndikukuwa kuti alankhule anthu asiye kundinena. Anadzikodzera ali chiimire, osatulutsa ngakhale kamawu. Amayi anandichotsa manja pa mwanayo n'kunena kuti, "Iwenso wayamba?"

Foni inkangolira mauthenga. Atsikana a m'chipinda chathu ankafunsa za lendi. Solanje analemba kuti abwana akufunsa tsiku limene ndifike. Anthu odutsa pamsewu ankachepetsa liwiro la njinga kuti aone nyumba ya malata ndi mwana wake wosalankhula. Chakudya chinasiya kundilowa.

Chimene ndinazindikira n'chakuti masana aliwonse, ndikangotembenuka, Tiya ankasowa. Amayi anati amapita kumalire a esiteti ya fodya, kumene kumakhala matenanti ochokera ku Machinga. "Malume ake amaletsa, akuti akatengerako zachabechabe. Ine ndilibe miyendo yomuthamangitsira," anatero. Tsiku lotsatira ndinamusiya apite, kenaka ndinamutsatira chapatali, kudutsa m'mapesi a chimanga.

Ndisanafike ndinamva mawu. Anali mawu aakulu, akuthwa, a munthu wolamula.

"Joni! Joni! Kwerani msanga, tikuchedwa! Iwe, katundu wakoyo pamwamba!"

Ndinaima. Mawu amenewo ndikanawadziwa ngakhale pakati pa msika. Ndinasuzumira kuseri kwa chigafa, shedi ija yowumitsiramo fodya, chimene nthawi imeneyo chinali chopanda kanthu. Ana anali atandandalika njerwa m'mizere ngati mipando. Kutsogolo kamnyamata kanagwira chivundikiro cha poto n'kumachizunguza. Pakhomo pa basiyo panaima mwana wanga, akumenya chitini ndi dzanja, akutolera masamba a mango m'malo mwa ndalama. Kamwana kena kataimirira, anakakalipira m'Chiyao kuti, "Atame pasi!" ndipo kanakhaladi pansi. Atafika pa mzere umene anajambula m'fumbi, basi inaima, Tiya anasintha mawu n'kukhala wapolisi wa pachipata, akuitanitsa mapasipoti m'Chingerezi, Chingerezi chake chomanga yekha, chimene sichinali m'vidiyo iliyonse. Ndipo anaseka. Mayo ine, anaseka mpaka kugwira pamimba!

Thupi langa lonse linafuna kuthamanga kukamunyamula. Ndinagwira dzanja langa lamanja ndi lamanzere kumbuyo, n'kulifinya mpaka kupweteka. Ndinayenda pang'onopang'ono n'kukakhala pansi pafupi ndi chulu, chapatali ndithu, n'kuyamba kuluka udzu. Tiya anandiona. Mawu anaduka pomwepo, chitini chinagwa, anzake anayamba kubalalika. Ndinaganiza kuti ndaononga malo okhawo amene anali nawo. Sindinadzutse mutu, ndinangopitiriza kuluka, misozi ikugwera pa udzuwo.

Mawa lake ndinapitanso, ndinakhala pomwe paja. Masewera anayamba monong'ona. Mkuja wake mawu anakwera pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mawuwa analibe tikiti m'chikwama.

Mayi wina wa pa matenantipo, Abiti Saidi, amene ana ake anali m'basimo, anabwera kudzakhala nane akusankha nyemba. Ndinamufunsa ngati Tiya amalankhula chonchi masiku onse.

"Ameneyu? Amatiboola makutu. Chiyao anatola kwa anzakewa, pano amatukana nacho bwino kuposa ana anga."

"Nanga bwanji simunanene, anthu akundinena kuti ndinamukhwimira?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Atifunsa ndani ife? Komanso aphunzitsi akanamva, bwenzi atamuletseratu kubwera."

Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana ana aja. Palibe wamkulu amene anawauza choti asewere. Wina akatopa ndi basi ankapita kukaumba ng'ombe zadothi, wina kukathandiza Abiti Saidi nyemba, n'kubwereranso. Chichewa ndi Chiyao zinkangodutsana, wosamva ankamva mawa lake. Ndinawoloka malire a mayiko kukakolopa sukulu yotere, osadziwa kuti ina ili kuseri kwa chigafa, kwa anthu amene ife a m'mudzi sitinkawapatsa ngakhale mpando pa maliro. Koma ine Tiya anali asanandilankhulebe. Kunyumba ankangokhala duu, ndipo masiku anga anali atatha.

Tsiku lomaliza ndinalongedza chikwama m'mawa. Sindinadziwe chochita china. Achimwene anatumiza uthenga kuti adzamutenga mwana madzulo a mawa lake. Tiya anaima pakhomo akuyang'ana ndikupinda zovala, kenaka anatuluka. Masana ndinapita kuchulu kuja ndi mtima wolemera, ndikuti ndikamumve komaliza.

Basi inali ikudzaza. Kamwana kamodzi ka Abiti Saidi, kamene kanali katandizolowera, kanabwera n'kundikoka chitenje kuti nanenso ndikwere. Ndinayang'ana kwa Tiya, iye anayang'ana kumbali. Ndinatola masamba a mango n'kuimirira. Ana onse anatembenukira kwa ine. Kumbuyo kunali njerwa imodzi yopanda munthu.

Nditafika pakhomo ndinatambasula dzanja ndi masamba anga. Tiya anatchinga khomo ndi mkono. Anakweza maso n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chibwerereni.

"Yadzaza," anatero.

Ndinayankha motsitsa, ngati pasenjala weniweni. "Akondakitala, mpando uwo kodi uli ndi munthu?"

Anatembenuka, anapita kumbuyo, ananyamula njerwa ija ndi manja awiri n'kukaiponya kutchire. Anabwerera akupuma mwamphamvu.

"Yadzaza, amayi. Inu mutsale."

Ndinabwerera kuchulu n'kukhala pansi. Basi inanyamuka ndi phokoso lake lonse, ine ndikulira poyera ngati mwana, Abiti Saidi akundisisita pamsana.

Minibasi ya mawa lake inapita popanda ine. Solanje ndinamulembera, anangoyankha kuti wamva. Achimwene anabwera madzulo monga ananenera, ndinawalandira ndi ulemu wonse, ndinagwada, koma mwana sindinapereke. Mpaka lero moni wathu ndi waufupi, ndipo nkhaniyi inafika kwa akuluakulu a banja, sinathebe. Ndalama zimene ndinabwera nazo zinatha msanga. Panopa ndimagulitsa mandasi ndi tomato pa Nsaru, ndipo masiku ena sindigona poganiza za fizi ya m'tsogolo. Mwina achimwene akunena zoona kuti Chingerezi cha kuseri kwa chigafa sichingakhozetse mayeso. Ndimamuwerengera timabuku ta Chingerezi iye akafuna, akatopa timasiya.

Amene ankati ndinamukhwimira asintha nyimbo, akuti ndinakamasula mankhwala. Anene, pakamwa ndi pawo. Tiya wayambiranso kufunsa nkhuku kumene zagona, ndipo Lamulungu lapitali ndinatuluka naye m'tchalitchi chifukwa anawafunsa abusa mokweza ngati Yona analipira m'mimba mwa chinsomba.

Tikiti yobwerera ija anaipeza m'chikwama changa n'kuitenga. Ndi imene amaonetsa anzake pa basi ya njerwa, yafika pothothoka m'mbali. Ndimapitabe kukakhala pa chulu paja ndikapeza mpata. Anthu onse amawakweza, ngakhale agogo ake anawakwezapo ulendo wina, koma ine mpaka lero sanandigulitsepo mpando.